Kalasi ya communication pa intaneti: ophunzira anga akungodawuniloda manotsi basi, ndiwathandize bwanji?

wa_ku_KamuzuRoad analemba:

Moni nonse. Ndimaphunzitsa mwaganyu pa yunivesite ina ku Lilongwe koma ndimakhala konkuno ku Salima, kufupi ndi Kamuzu Road. Semesita ino andipatsa kalasi ya communication ya anthu ophunzira ali kwawo, aja timati a ODeL, nde timaonana maso ndi maso masabata awiri okha koyambirira, kenako aliyense wakwawo mpaka nthawi ya mayeso. Ambiri ndi a m'mbali mwa nyanja muno, wina ali ku Chipoka, awiri ku Khombedza, chigulu chili ku Nkhotakota pa boma ndi ku Dwangwa, ndipo si ana ayi, ndi anthu apantchito, aphunzitsi a pulayimale, ogwira m'mabungwe, amayi a pabanja.

Sukulu inatipatsa Moodle, webusaiti yophunzirira pa intaneti, ine ndimaikamo manotsi a PDF, masilaidi ndi asayimenti. Moodle ija imaonetsa amene walowa ndi chimene watsegula, nde ndikayang'ana ndimangoona chinthu chimodzi chomwecho, munthu walowa Lachisanu usiku, wadawuniloda fayilo, watuluka. Sabata yachiwiri ndinaika funso loti tikambirane, mpaka lero ayankha anthu atatu, ndipo m'modzi mwa atatuwo anangolemba kuti waona. Izi zikundisowetsa tulo chifukwa kosi imeneyi si yoloweza. Munthu akuyenera kutulukamo akudziwa kufunsa funso ndi kudikira yankho, kulemba nkhani ya ndime zisanu yoti agogo ake aimve, kuima pagulu osanjenjemera. Zimenezi sizingalowe munthu pongowerenga PDF ali chigonere.

Ndinayesa kalasi ya vidiyo Loweruka lina m'mawa. Tisanathe ndi mphindi 20 zomwe magetsi anathima kwathu kuno, ndinapitiriza ndi foni, koma anthu amangolowa ndikutuluka, mawu kumaduka. Madzulo ake mayi wina anandiimbira kupepesa kuti bandulo inamuthera pakati, ndipo ndalama imene anagulira inali ya ndiwo. Ndinasowa chomuyankha ndipo sindinabwerezenso.

China ndi ChatGPT, makina a pa intaneti aja olembera anthu zinthu. Asayimenti yapitayi mapepala angapo anabwera ndi Chingerezi chosalala kwambiri, zitsanzo zake za ku America, koma eni ake ndinawamva akuyankhula m'kalasi muja ndikudziwa mmene amalembera.

Nde anzanga, kaya muli ku MUBAS, ku UNIMA, ku Mzuni, ku MIJ kaya kwina kulikonse kumene kuli kosi ya utolankhani kapena communication, kaya munaphunzirako mwa njira imeneyi, chinakuthandizani nchiyani? Chonde zoti aliyense agule laputopu zokhazo musandiuze, sizitheka.

---

mtsikana_wa_Dwangwa anayankha:

Aphunzitsi, ine ndinamaliza kosi ngati yomweyi pa sukulu ina, nde ndikuuzeni mmene zimakhalira mbali yathuyi, mwina muwamvetsa ophunzira anuwo.

Choyamba ambirife timagula bandulo ya WhatsApp yokha, ija yotsikirako mtengo, kaya pa Airtel kaya pa TNM. Bandulo imeneyo siitsegula Moodle. Kuti ndilowe ku Moodle ndimayenera kugula ina yapadera ya intaneti yonse, nchifukwa chake mumationa Lachisanu, timalowa kamodzi kukokolola zonse nkuthawa isanathe. Si ulesi ayi. Komanso PDF ya masamba 60 pa kafoni kakang'ono maso amachita kuwawa, umakulitsa, kusuntha uku, kusuntha uku, pofika tsamba lachitatu waiwala kale zimene zinali loyamba, mwana akulira, foni yomweyo abambo akunyumba akufuna aimbire munthu.

Chachiwiri, funso lanu lija anthu sakuyankha chifukwa cha manyazi. Kulemba Chingerezi pamalo poti kalasi yonse iwerenga, ndipo zikhala pompo mpaka semesita kutha, munthu woti ndi hedi pa sukulu yake amaopa kuti anzake amuseka akaphonya galamala. Ine ndemwe ndinkalemba nkufufuta, kulemba nkufufuta, mapeto ake osatumiza.

Lekichala m'modzi yekha ndi amene anatitha. Mayi ameneyo anatigawa m'magulupu a WhatsApp a anthu asanu kapena asanu ndi m'modzi, Lolemba lililonse m'mawa amatumiza VN (uthenga wa mawu ojambulidwa) yosapitirira mphindi zisanu, mfundo imodzi yokha ndi ntchito imodzi. Mwachitsanzo amvekere sabata ino pezani munthu wogulitsa pamsika, mumufunse mafunso atatu osayankhika ndi eya kapena ayi, mutumize VN ya mphindi ziwiri. Nde anzako a mgulupu amamvera nkukuuza kuti apa unamudula mawu, apa funso lako linali ndi yankho kale mkati. Poti tinali ochepa manyazi anatha, ndipo amatilola kuyamba mu Chichewa kenako nkulemba nkhaniyo mu Chingerezi.

Chimene sindidzaiwala ndi madzi osefukira aja a kuno ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024. Tinali ndi asayimenti yoti tipereke sabata yomweyo, mayi aja anaisuntha osafunsa zambiri, kenako anati amene angathe alembe zimene akuona. Ine ndinapita pa sukulu ina pomwe anthu anathawira, ndinapeza mayi atakhala pa chithumba cha ziwiya wanyamula mwana, ndinangotulutsa foni nkuyamba kujambula. Anandiyang'ana nkundifunsa kuti kodi mwana wanga, wandipempha? Ndinachita manyazi kwambiri, ndinazimitsa, kukhala pansi, kudzifotokoza kaye kuti ndine ndani ndipo mawuwo apita kuti. Tinacheza pafupifupi ola, chojambula chinali mphindi zinayi zokha. Za kupempha chilolezo zinalimo m'manotsi, ndinaziwerenga ndithu, koma ndinazimvetsa tsiku limenelo.

---

ICT_Salima anayankha:

Achimwene, zimene anena achemwaliwa nzoona koma ndikupempheni musaitaye Moodle nkusamukira ku WhatsApp kwathunthu. Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi ntchito za ophunzira zapita, ndipo tsiku lina wina akadzadandaula za malikisi ake mudzasowa poloza. WhatsApp ikhale pochezera, koma chilichonse chokhala ndi malikisi chizikathera ku Moodle.

Vuto ndaliona nloti ambiri amatsegula Moodle pa Chrome ngati webusaiti wamba. Auzeni aike app yake ya pa foni. Ndi yaulere, Moodle yonseyo ndi yaulere chiyambireni 2002 pomwe Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa, sukulu imangolipira seva ndi anthu oisamalira. Mu app muja munthu atha kudawuniloda kosi yonse kamodzi akapeza netiweki yabwino, nkumawerenga kunyumba data ili yozimitsa. Atha kulemba yankho la funso lanu ali opanda netiweki, limadikira mufoni momwemo, akadzangoyatsa data limapita lokha. Ngakhale quiz ili ndi poti inu mutha kuchonga kuti ololedwa kuyankha opanda intaneti, bola isakhale yowerengera nthawi. Ngati app ikukana kulumikizana ndi Moodle ya sukulu yanu, a ICT akuyenera kuyatsa mbali ya mobile, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Manotsi musamaike a PDF okhaokha, gwiritsani ntchito Page kapena Book za mu Moodle momwemo, zilembo zimakwana pa sikirini ya foni popanda kukulitsa.

Za data, tiyeni tiwerengere limodzi. Mawu okha mukawasunga ngati MP3 ya 64 kbps amadya pafupifupi theka la MB pa mphindi, nde phunziro la mphindi 20 ndi 10MB basi, ndipo mukatsitsa kufika 32 kbps mawu a munthu amamvekabe bwinobwino pa 5MB. Kalasi ya vidiyo ya ola limodzi, kaya pa Zoom kaya pa Google Meet, imadya ma MB mazanamazana, makamera akayatsidwa onse itha kufika ndi pa 1GB. Nde jambulani mawu usiku kukazizira, mudule pa Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, muike.

Pa nkhani yoti azionerana ntchito, muli chinthu chotchedwa Workshop, ophunzira amatumiza ntchito, Moodle imagawa yokha kuti uyu aone za awa atatu, inu mumangopereka mfundo zoti atsatire pochonga. Koyamba chimasokoneza pang'ono poti chili ndi masiteji oti muzisintha nokha, yesani kaye ndi ntchito yopanda malikisi. Ndipo tsiku lomaliza kupereka lisamakhale ola limodzi lokhazikika, apatseni masiku atatu otseguka, kuno magetsi ndi netiweki sizipangana ndi munthu.

---

madala_apawayilesi_KK anayankha:

Aphunzitsi, zikomo pobweretsa nkhani imeneyi. Ine za Moodle sindizidziwa kwenikweni, koma ndakhala zaka zambiri pa wayilesi ya m'dera kuno ku Nkhotakota ndipo ana ochokera m'makoleji amabwera kudzaphunzira ntchito m'manja mwanga, nde ndiyankhula za mbali imeneyo.

Mwana amabwera ndi malikisi abwino, ma theory onse ali pakamwa, koma ukamupatsa chojambulira kuti pita kudoko ukamve chifukwa chake usipa wakwera mtengo, amabwerako ndi mphindi 15 za mphepo yokhayokha ndi mawu ake omwe akufunsa funso lalitali ngati ulaliki, msodzi nkungoti eya. Si kuti mwanayo ndi wopusa. Zaka zonsezo amalembera munthu m'modzi, lekichala, amene amalipidwa kuti awerenge. Sanalembereko munthu woti akatopa atha kusintha siteshoni.

Nde ine pempho langa nloti intanetiyo isangokhala njira yotumizira manotsi kuchoka kwa inu kupita kwa iwo. Ikhale njira yoti ntchito zawo zituluke zikafike kwa anthu. Amene ali pa kampasi ku Zomba ali ndi wayilesi ya Chanco, a ku MIJ ali ndi MIJ FM, anu a ODeL situdiyo yawo ndi foni ili m'thumbayo, ndipo kunena zoona ali ndi mwayi woposa anzawowo chifukwa akukhala pakati pa nkhani zenizeni. Tsegulani ka blog ka kalasi pa WordPress, nkaulere, kapena peji ya Facebook, sabata iliyonse nkhani ziwiri kapena zitatu zabwino zizituluka ndi dzina la mwini wake. Mudzaona mmene munthu amasamalira sipelo akadziwa kuti apongozi ake awerenga. Ndipo lankhulani ndi mawayilesi a m'madera, kuno ku Nkhotakota alipo, ku Salima alipo, timasowa nkhani za kumidzi chifukwa thiransipoti yotumizira mtolankhani ku Benga kapena ku Dwambazi tsiku ndi tsiku palibe. Kankhani ka mphindi zitatu kojambulidwa bwino mu Chichewa sitingakakane.

Nkhani zake zili mbwee. Wa ku Khombedza uja apite kwa Makanjira akamve za chilumba cha Mbenji, mmene mafumu amatsekera usodzi nthawi ya mvula kuyambira Disembala nkudzatsegula cha mu Epulo, mwambo woti unayamba kalekale m'ma 1950 ndipo mpaka lero anthu amaumvera. Ameneyo akabwerako waphunzira communication yeniyeni, uthenga umayenda bwanji kuchoka kwa mfumu kufika kwa msodzi wochokera kutali, ndani amakhulupiriridwa, chifukwa chiyani. Wa ku Salima afunse anthu a ku Nanjoka kuti moyo wasintha bwanji chibwerereni sola ija ya 60 megawatts mu 2021. Wa ku Chipoka ali ndi doko ndi njanji. A kuno ali ndi alimi a mpunga, a mzimbe ku Dwangwa, asodzi a pa Chia. Apa ndi pamene nkhani yanu ya ChatGPT imathera, chifukwa makinawo sanapite pa Chia m'mawa wa Lachiwiri, sadziwa kuti beseni la usipa linagulidwa zingati tsiku limenelo ndipo mayi wogula uja anadandaula chiyani. Muziti nkhani iliyonse ibwere ndi mawu ojambulidwa a anthu awiri ndi chithunzi cha malowo. Akafuna makinawo awakonzere galamala ine sindikuonapo tchimo, bola anene, koma nkhaniyo ikhale yoti anaiponda ndi mapazi.

Tizinthu ting'onoting'ono toti muwauze, poti timawononga ntchito yabwino. Foni aziika pa flight mode asanayambe kujambula, wina akaimba pakati zonse zimaduka. Maikolofoni ya foni ili kumunsi, ndiye kumunsiko ndi kumene kuloze munthu, motalika ngati chikhatho chimodzi kuchoka pakamwa, osati kumugunditsa. Nthawi ya mwera kunyanja kuno mphepo imaphimba mawu onse, aveke foniyo sokosi yoyera, aime chofulatira mphepo kapena kuseri kwa bwato. Atalikire chigayo ndi mashopu oliza nyimbo. Akamaliza kucheza ajambule kwa theka la mphindi phokoso la pamalopo lokha, mafunde, anthu akutsatsa malonda, limathandiza polumikiza. Ndipo asananyamuke amvere kaye zimene ajambula, ine ndinabwererapo ulendo wa njinga maola awiri chifukwa chosamvera.

Koma poti zizituluka pagulu, inu mukhale mkonzi, chisatuluke chinthu musanachione. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lilipo ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba pa intaneti. Nkhope za ana, odwala, munthu woti akungoganiziridwa mlandu, zonsezo asamale. Chilolezo chizimveka koyambirira kwa zojambulazo, munthu anene yekha kuti wavomera. Muwaphunzitsenso kulemba kalata yopempha uthenga ku khonsolo pogwiritsa ntchito lamulo la Access to Information, linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020 koma atolankhani achinyamata ambiri sanaliyeseko nkamodzi komwe. Imeneyo payokha ndi asayimenti yabwino kwabasi.

---

mphunzitsi_wopuma_Chipoka anayankha:

Mwana wanga, zonse zanenedwazi nzabwino koma ine ndili ndi nkhawa ziwiri. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid tinauzidwa kuti zonse zitheka pa foni, ine ndinaona adzukulu anga akungoyang'ana sikirini osatolapo kanthu. Kuyankhula pagulu kumafuna maso a anthu. Munthu atha kutumiza VN yokoma atajambula kakhumi ali yekha kuchipinda, koma muimikeni pamaso pa mafumu ndi makolo pa msonkhano wa sukulu muone mawondo. Poti ophunzira anu ambiri ali ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa, bwanji azikumana okhaokha kamodzi pamwezi, pa TDC (malo ochitira maphunziro a aphunzitsi) kapena m'kalasi ya pulayimale Loweruka, aliyense ayankhule mphindi zisanu pamaso pa anzake, wina ajambule vidiyo. Safunika kuitumiza pa data, apatsirane pa Xender, m'modzi aike pa fulashi, mudzaonera mukakumana kapena akupatsireni kudzera kwa wobwera ku Salima.

Nkhawa yachiwiri ndi inuyo. Ma VN a kalasi yonse sabata iliyonse mudzamvera nthawi yanji, ndipo data yake akulipirani ndani? Mwati ndinu waganyu. Musayambe chinthu choti pofika sabata yachisanu mwatopa nkusiya, ophunzira amakhumudwa kwambiri ndi mphunzitsi woyamba ndi moto nkuzima pakati kusiyana ndi amene anayamba pang'onopang'ono.

---

wa_ku_KamuzuRoad anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. Achemwali a ku Dwangwa, za bandulo ya WhatsApp zija sindinaziganizepo nkomwe, ndimangoona ngati anthu sakufuna, ndipo ndikuona kuti ndinawalakwira mumtima. Dzulo ndafunsa pa gulupu yathu kuti ndani ali ndi app ya Moodle, apezeka awiri okha.

Bambo a ku Chipoka mwanena zoona, sindingathe kumvera zonse. Ndaganiza zoti magulupu akhale asanu ndi awiri, azimverana okhaokha, sabata iliyonse gulupu isankhe ntchito imodzi yoti ifike kwa ine, ndipo mwini ntchitoyo azisintha kuti pakutha pa semesita aliyense ndimumve kosachepera kawiri. Zokumana pamwezi ndazikonda, a ku Nkhotakota pa boma avomera kale, a ku Dwangwa akuti afunse kaye malo. Ovuta ndi wa ku Chipoka ndi awiri a ku Khombedza aja, koma amenewo ali pafupi ndi ine, atha kubwera pa Kamuzu Road tizikumana anayi.

Madala a pawayilesi, blog ndiyamba koma ndiyenera ndidutse kaye kwa akulu a dipatimenti, sindingatulutse ntchito za ophunzira pagulu m'dzina la kosi popanda iwo kudziwa. Pomwe ndikukayikabe mpoti mayeso a kumapeto ndi olemba mu Chingerezi ndipo ndi amene ali ndi malikisi ambiri, nde ndikuopa kuti ndikawatangwanitsa ndi zojambula mu Chichewa ena adzandinena kuti sindinawakonzekeretse. Mwina nkhani iliyonse izikhala ndi mbali ziwiri, mawu mu Chichewa, kenako ndime zisanu mu Chingerezi ndi ndime imodzi yofotokoza kuti theory iti ikuoneka mu zimene anapezazo. Ndiyesa ndi ya Mbenji ndi ya usipa.

Achimwene a ICT, funso limodzi, ophunzira akamatumiza mawu ku Moodle pali malire a kukula kwa fayilo? Wina anayesapo kutumiza vidiyo inakana.

---

ICT_Salima anayankha:

Alipo, ndipo ali patatu, a seva yonse, a kosi yanu, ndi a asayimenti iliyonse. Awiri omalizawo mutha kusintha nokha mu settings koma simungapyole amene a ICT anaika pa seva. Kwa mawu a mphindi zitatu olo 5MB ikukwana ndi kutsala. VN ya pa WhatsApp imasungidwa ngati fayilo ya opus, makompyuta ena saitsegula, nde auzeni ajambulire pa rekoda ya foni kuti ituluke MP3 kapena m4a, ndipo dzina la fayilo likhale nambala yawo ya sukulu ndi sabata, apo ayi mudzalandira mafayilo makumi anayi onse otchedwa recording 1. Loweruka ndimakhala ndili pa boma, mukafuna tidzakhale pansi ndi laputopu yanu tiikonze Workshop ija, mubwere ndi chaja.